Akhukhi ndi Nkhuku Zokana Kutha

Tsiku limene Akhukhi anakanirira pawindo la kukhitchini kwawo, mumsewu mwathu munalibe amene anafika ku ntchito pa nthawi yake. Iwo anali atatuluka m'mawa kukataya phulusa, mphepo n'kuwatsekera chitseko, makiyi ali m'kati. Munthu wina akanapita kukaitana kalipentala. Koma Akhukhi anayang'ana windo, n'kuyang'ana mimba yawo, n'kuweruza mlandu mokondera mimba. Mutu unalowa, mapewa analowa mokakamiza, koma pofika pa lamba windo linati basi, malire ndi pano.

Ife a nyumba yoyang'anana nayo tinangomva mawu ngati a munthu amene akuyankhulira mumgolo: "Atelala! Atelala inu! Tabwerani mwakachetechete!"

Kuuza Atelala kuti abwere mwakachetechete kunali ngati kupempha mvula kuti igwe pa malata mosasokosa. Mayiwa ankakhala nyumba yoyandikana ndi ya Akhukhi, ankasoka pakhonde, ndipo ngakhale anali ndi mazipi odzaza chitini, pakamwa pawo sanasokerepo ndi imodzi yomwe. Atazungulira kuseri n'kuona miyendo iwiri ikupalasa m'malere, silipasi imodzi itagwa pansi, anagwira m'chiuno n'kufuula:

"Anthuni, bwerani mudzaone! Nyumba ikubereka munthu chammbuyo!"

Tinabwera tonse, ena tili ndi miswachi m'kamwa. Amuna awiri anagwira mwendo uno, awiri mwendo uwo, koma chimene chinkasuntha ndi thalauza lokha. Pamapeto pake Atelala anathamangira kwawo n'kubwera ndi botolo la mafuta ophikira.

"Zaka zonsezi mwakhala mukukazinga zinthu," anatero akuwapaka m'nthiti, "lero wopakidwa mafuta ndinu."

Akhukhi anatuluka ngati chivindikiro cha botolo, phu! n'kukagwera pa maluwa a malemu akazi awo. Anapulumuka ndi mikwingwirima iwiri ndi manyazi okwana chaka chathunthu. Zikanathera pomwepo, lero sindikanakhala ndi nkhani. Koma dzuwa lisanafike pamutu, Atelala anali ataimbira kale foni mwana wa Akhukhi.

Ndikuuzeni kaye za munthuyu, poti amene munabwera mochedwa mumsewu uno simunamupeze. Akhukhi anaphika zaka makumi atatu ndi chimodzi pa sukulu ina yogonera komweko. Dzina lawo lenileni linali pa chiphaso chokha. Ngakhale akazi awo ankawaitana kuti Akhukhi mpaka tsiku lomwalira. Anali munthu wamfupi, wadazi, wozungulira mbali zonse ngati mphika wa pasukulu womwewo, ndipo chikhulupiriro chawo chinali chimodzi: palibe vuto pa dziko lapansi limene silichepa munthu akadya. Ukadwala mutu, idya. Mwamuna akakuthawa, yamba wadya. Ukawapatsa moni pampanda unkabwerako ndi chinachake m'manja, kaya ndi mbatata yootcha, kaya ndi mpunga wa dzulo wokazinga ndi anyezi. Ana amene anaphunzira pa sukulu ija, ena atamera kale imvi, ankaimitsa galimoto pamsewu n'kutsika kudzawagwira chanza ndi manja awiri. Sankakumbuka za masamu kapena za mapu. Ankakumbuka chipande cha Akhukhi, chimene chinkalowa mumphika wa nyemba kawiri pomwe lamulo la sukulu linkati kamodzi.

"Ine andinene kuti ndine wonenepa, andinene kuti ndine wadazi," ankatero akudzimenya pachifuwa. "Koma palibe mwana wa munthu amene angaime n'kunena kuti Akhukhi anandimana."

Mwana wawo anali mmodzi yekha, wamkazi, namwino pa chipatala china kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Ife tinkangoti Anamwino. Anafika Loweruka lomwelo nkhope ili gwa, atanyamula kachikwama ka zipangizo zake. Anawayeza bambo ake pamkono, anawabaya pachala, anawakweza pa sikelo, sikeloyo n'kudandaula. Kenako anakhala pansi pakhonde, ife tikumvetsera kuseri kwa makatani monga mwa mwambo wa anthu okondana.

"Bambo, magazi anu akuthamanga, shuga wakwera, mawondo akukana. Lero ndi windo, mawa mudzagwa m'bafa popanda wokuonani. Chipinda ndakonza kale. Tiyeni."

Akhukhi anayang'ana khonde limene anawaka okha, mtengo wa magwafa umene anabzala ndi akazi awo, ndi chitseko chimene chinawachita chipongwe chija. M'nyumbamo anali atakhalamo kuyambira Anamwino asanabadwe. Anafunafuna chonena, mpaka maso awo anagwera pa katoni imene inali pakona.

"Mayi, ndingapite bwanji? Ndili ndi ziweto."

M'katonimo munali anapiye khumi, achikasu ngati thonje loviika mu utoto, amene anawagula masiku anayi m'mbuyomo. Nthawi imeneyo aliyense wopuma ntchito ankayesako nkhuku zoyera zija za nyama, zimene ena amati mabuloila. Anamwino anasuzumira, ndipo ndinaona ndi maso angawa kamwetulira kakudutsa pa milomo yake. Ankadziwa, monga tonse tinkadziwira, kuti nkhuku zimenezi moyo wake ndi masabata asanu ndi limodzi. Zikafika pamenepo zimapita pa mpeni.

"Chabwino, bambo. Nkhukuzi zikatha, mubwere."

"Zikatha?"

"Zikatha."

"Atelala, mwamva?" anafuula Akhukhi. "Mukhale mboni!"

"Ndamva kalekale," anayankha Atelala kuseri kwa mpanda. "Ndinali pompano."

Bambo ndi mwana anagwirana chanza. Aliyense anachoka pamenepo akuganiza kuti wapusitsa mnzake, chifukwa mawu akuti kutha ali ndi zitseko ziwiri. Anamwino ankanena kutha kwa katundu pamsika. Akhukhi ankanena kutha kwa munthu wokalamba amene wakhuta masiku ake.

Anamanga khola kuseri kwa nyumba ndi matabwa a bedi lakale, n'kuyalamo utuchi wochokera kwa kalipentala. Ndipo anayamba kuchita chimene ankachidziwa bwino: kudyetsa. M'mawa, masana, madzulo, chodyeramo sichinkaoneka pansi pake. Anapiye aja anakula ngati akuwapopa ndi pampu. Sabata yachisanu ndi chimodzi inakwana, Anamwino n'kuimba foni.

"Bambo, zatha?"

"Zilipo, mayi. Zikupereka moni."

"Simukugulitsa?"

"Tinagwirizana zogulitsa ife? Funsa mboni."

Atelala, amene chilungamo ankachikonda kuposa mtendere, anatsimikiza kuti mawu akuti kugulitsa sanatchulidwe. Anamwino anangoti, "Chabwino, tiona," ndi mawu a munthu amene waonapo odwala ambiri okana mankhwala.

Sanalakwe. Sabata yachisanu ndi chitatu nkhuku zija zinasiya kuyenda. Zinkangokhala thapsa pafupi ndi chodyeramo, khosi lokha n'kumagwira ntchito. Ikati iimirire, miyendo inkanjenjemera ngati ya tebulo la kumowa, n'kugwanso. M'mawa wina Akhukhi anapeza imodzi ili chagada, miyendo m'mwamba, chakudya chili kukamwa. Anaganiza kuti mwina inali yofooka chibadwire, ndipo kuti zinzake zisafooke, anawonjezera chakudya. Patapita masiku awiri zinafa ziwiri. Anawonjezeranso, n'kuyamba kuziphikira mpunga. Pofika sabata yakhumi zinatsala zinayi, ndipo Akhukhi ankayenda mumsewu ngati munthu amene akuwerenga masiku a kundende. Nkhuku iliyonse yakufa inali ngati wina wanyamula mpando umodzi m'nyumba mwawo n'kukaukweza pa lole.

Ndiye tsiku lina anaika imodzi m'beseni, n'kufunditsa thaulo, n'kupita nayo kwa dokotala wa ziweto. Zimene zinayankhulidwa kumeneko ndinazimva kwa mlamu wanga amene ankasesa pa ofesipo, ndiye musati mwamva kwa ine.

Dokotalayo anali mnyamata wa magalasi, wosachedwa kuseka. Anainyamula nkhuku ija, anaigwira pachifuwa, anaitambasula miyendo.

"Madala, nkhukuyi sikudwala. Yangopitirira tsiku lake. Bwanji osaipha?"

"Ndikufuna ikhale moyo."

"Mpaka liti?"

"Mpaka ine nditanena."

Dokotala anavula magalasi. Anafotokoza kuti nkhuku za mtundu umenewu sizidziwa kukhuta. Thupi limakula mothamanga, mtima ndi miyendo n'kumatsalira m'mbuyo, mpaka tsiku lina mtima umangoti ine ndatopa. Ukaziikira chakudya tsiku lonse, zimadya mpaka kufa.

"Ndiye mankhwala ake?" anafunsa Akhukhi.

"Mankhwala ake ndi amodzi, madala. Zimaneni."

Mlamu wanga akuti Akhukhi anadzidzimuka ngati wina watukwana m'tchalitchi.

"Mwati chiyani?"

"Muzizimana. Kachakudya pang'ono m'mawa, pang'ono madzulo, basi. Masana zizidya masamba, zizipalasa zokha, ziziyenda. Zidzalira, koma musazimvere chisoni."

"Mwana iwe," anatero Akhukhi akuimirira, "ukudziwa amene ukuyankhula naye? Ine zaka makumi atatu ndi chimodzi..."

"Ndikukudziwani, madala. Ndinadyapo chipande chanu, fomu wanu mpaka fomu folo. Ndiye ndikuti, dzanja lomwe lija ndi limene likupha nkhukuzi."

Akhukhi anabwerera kunyumba beseni lili pamutu, osapereka moni kwa aliyense. Tsiku lomwelo nkhuku imodzi mwa zinayi zija inafa. Zinatsala zitatu: tambala mmodzi ndi zathadzi ziwiri.

Kutacha tinaona zachilendo. Akhukhi anatuluka ndi chipande chawo chakale cha kusukulu, chimene anachoka nacho ngati mendulo. Anatunga chakudya cha nkhuku m'thumba, n'kuima. Anabwezamo theka. Anayang'ana kumwamba ngati akupepesa winawake, n'kubwezamonso pang'ono. Nkhuku zinatha kachakudyako m'kuphethira kwa diso, kenako zinawayang'ana. Amene sanayang'anidwepo ndi nkhuku yoyera yanjala sadziwa kuti mlandu n'chiyani.

Zinalira tsiku lonse. Zinadzikoka mpaka pakhomo la kukhitchini n'kukhala pamenepo ngati anthu odzadandaula kwa bwana. Atelala anaimitsa makina.

"Akhukhi! Kodi kumeneko kwagwa chilala?"

"Ndi malangizo a dokotala."

"Anthuni, bwerani mudzaone! Akhukhi akumana!"

Mawu amenewo anawalasa kuposa windo lija. Anatseka chitseko, ndipo masana onse sanatuluke.

Koma chimene ife sitinachiganizire n'chakuti munthu ngati ameneyu sangadye wina akumuyang'ana ndi njala. Ankati akakhala pa tebulo ndi mbale yawo yaikulu ija, yonga beseni losambitsira mwana, n'kumva kulira pakhomo, chakudya chinkakanirira pakhosi. Anayesa kudyera kuchipinda atatseka makatani, koma ankati amazimvabe. Mapeto ake anatenga kambale ka tiyi ka akazi awo n'kumadyera m'menemo, nthawi yomweyo imene nkhuku zikudya, kuti pasakhale wonena mnzake. Amene ankamana uja anayamba ndi kudzimana yekha.

Nkhuku zitatuzo anazipatsa maina a akuluakulu a kusukulu kuja. Tambala anali Ahedi, chifukwa ankayenda pang'onopang'ono chifuwa chili patsogolo, osachita kanthu kooneka. Thadzi lina linali Abasa, potengera mkulu amene ankasunga makiyi a sitolo ya chakudya, chifukwa linkayang'ana chipande ndi diso limodzi ngati likukayikira muyeso. Lotsalalo, lalikulu kuposa onse ndiponso laukali, linali Ametironi, potengera mayi woyang'anira kogona ana.

Kuziyendetsa inali ntchito ina. Nkhuku yachikuda umangoitsegulira khola, yokha n'kukapalasa kwa aneba. Izi ayi. Izi zimafuna chifukwa chomveka bwino zisanasunthe mwendo. Akhukhi anayamba kumwaza chakudya patalipatali, kambewu apa, kambewu uko, kuti yofuna kudya iyende. Anamangirira masamba a kabichi pa chingwe choyanikira zovala, m'mwamba pang'ono, kuti zizitambasula khosi. Madzi anawaika kumapeto kwa bwalo. Ndipo m'mawa uliwonse, dzuwa lisanatenthe, ankaika timbewu m'chitini n'kumachigwedeza, iwo patsogolo, nkhuku pambuyo, kuzungulira nyumba.

Ha, koma ulendo umenewo ndimaukumbuka mpaka lero. Kutsogolo Akhukhi, wefuwefu, chitini chili sekeseke. Pambuyo pawo Ametironi, dzandidzandi ngati mayi wonyamula mitolo iwiri. Kenako Abasa. Kumapeto Ahedi, amene ankazungulira theka n'kukhala pansi kudikira kuti msonkhano uwapeze pobwerera. Anthu opita ku ntchito ankachepetsa liwiro la njinga. Sabata yoyamba ankazungulira kamodzi, onse anayi n'kukhala pansi pa mtengo wa magwafa kukamwa kuli yasa. Mwezi utatha ankazungulira kasanu. Pofika miyezi itatu, Akhukhi anapita kwa Atelala ndi mathalauza atatu kuti awabweze m'chiuno.

"Ndibweze zingati?"

"Zala ziwiri."

"Zinayi," anatero Atelala atayeza ndi tepi. "Mukutha ndinu, nkhuku zili pompo."

Lamlungu lililonse masana foni inkalira, ndipo mawu ake tinawaloweza ngati nyimbo.

"Bambo, zatha?"

"Zilipo, mayi."

Miyezi isanu itakwana, Anamwino anabwera yekha kudzaona, chifukwa anayamba kukayika kuti mwina bambo ake akumagula zina n'kumalowetsa m'malo. Anapeza zinkhuku zitatu zazikulu ngati atsekwe zikuwotha dzuwa. Anazizungulira, n'kuitana mboni.

"Amayi, ndi zomwe zija?"

"Ndi zomwezo, mwanawe. Ndimazimva tsiku lililonse, mawu ake ndimawadziwa."

Komabe pofuna kutseka pakamwa pa aliyense, Atelala anasoka timalamba tofiira n'kuzimangirira kumwendo, n'kumaliza ndi msoko wawo umene munthu wina sakanatha kuwubera. Anamwino anawayezanso bambo ake pamkono, anayang'ana nambala, anagwedeza kachipangizo kaja, n'kuyezanso. Anangolongedza n'kukakwera basi.

Dzira loyamba linabwera mwezi wachisanu ndi chiwiri. Tonse tinkadziwa kuti nkhuku za nyama siziikira, poti palibe amene anaisungapo mpaka msinkhu woikira. Ndiye m'mawa wina tinamva Ametironi akutetera ndi mawu okhuthala ngati a bambo, kenako Akhukhi akutuluka pageti atanyamula sosala ndi manja awiri. Anayenda nalo khomo ndi khomo. Linali dzira lalikulu, losongoka mbali zonse ziwiri, ndipo ataliswa pamaso pa mboni munapezeka ma yoko awiri. Analikazinga n'kuligawa tizidutswa tisanu ndi titatu, aliyense kake pa supuni. Anthu akuluakulu, ena a maudindo ku ntchito kwawo, tinaima pabwalo tikutafuna kadzira kosakwana n'dzino lomwe, n'kumagwedeza mitu ngati tikulawa za kunja.

Kuikira kwake kunali kwa mwayi. Sabata ina awiri, sabata ina osaikira n'komwe, ndipo kawirikawiri mwini wake ankaliphwanya polikhalira. Zofungatira ndiye analibe nazo ntchito. Ametironi ankaikira dzira paliponse pamene lawapeza, n'kuchokapo osacheuka, ngati munthu amene wagwetsa chinthu cha wina.

Ahedi sanaone chaka. Anali atangophunzira kulira, kulira kwake ngati chitseko cha dzimbiri, ndipo tsiku lina ali pakati pa kokoliliko anangokhala pansi osadzukanso. Abasa anatha chaka ndi miyezi inayi. Anapita nyengo yotentha, ngakhale Akhukhi ankawaimika m'beseni la madzi ozizira masana aliwonse n'kumawakupiza ndi chivindikiro cha poto. Tsiku limenelo foni italira, Akhukhi anachedwa kuyankha.

"Bambo, zatha?"

"Ilipo, mayi."

Kuchokera pa zilipo kufika pa ilipo, tonse tinamva kuti nyumba ija yatsala pa mwendo umodzi, ndipo mwendo wake ndi wa nkhuku yonenepa.

Kuyambira pamenepo msewu wonse unalowa m'gulu la Akhukhi, ngakhale palibe amene anavomera poyera. Amayi ogulitsa masamba pakona ankasunga makoko a kabichi. Kalipentala ankabweretsa yekha utuchi wouma. Mwini galu wa nyumba yachitatu anagula tcheni. Nthenga za pachifuwa pa Ametironi zitathothoka chifukwa chokhalitsa pansi, khungu n'kuyamba kufiira, Atelala anadula epuloni yakale ya Akhukhi n'kusoka kaepuloni kakang'ono ka zingwe zomanga kumsana.

"Musaganize kuti ndikuchitira inu," anatero akuiveka. "Ndikungoipidwa kuona mzimayi mnzanga akuyenda pachifuwa pali pamtunda."

Masiku amenewo ndi amene ndimawasowa. Madzulo dzuwa likupendeka, Akhukhi ankakhala pa mpando wa pakhonde, Ametironi ali thapsa pa phazi lawo atavala epuloni, makina a Atelala akulira kuseri kwa mpanda. Ankaiuza nkhukuyo nkhani za kusukulu: za chaka chimene mphika waukulu unabooka tsiku la mayeso, za mwana wina amene ankabisa buledi m'sokosi. Nkhuku inkayankha ndi kamawu kapansipansi, maso ali pa thumba la malaya m'mene munkakhala timbewu. Ana ochokera ku sukulu ankaima pageti n'kupereka moni kwa onse awiri. Panopa pamalopo pali mpanda wa njerwa wautali, ndipo amene amakhalamo sitidziwa ngakhale nkhope zawo.

Dokotala wa ziweto uja ankabwera nthawi zina pa njinga yamoto, osaitanidwa, n'kuima manja m'thumba.

"Madala, m'mabuku mwathu nkhuku iyi inafa kalekale."

"Musaiuze," ankatero Akhukhi. "Siidziwa kuwerenga."

Ametironi anakhala zaka zitatu kuperewera mwezi umodzi. Chakumapeto sankazunguliranso nyumba. Akhukhi ankawanyamula kukawaika pamthunzi, n'kuzungulira okha ndi chitini, poti miyendo inali itazolowera. M'mawa wina wa Lachiwiri anatsegula khola n'kupeza nkhuku ili phee pa utuchi, mutu uli pansi pa phiko. Sanaitane munthu. Ife tinangoona akukumba pansi pa mtengo wa magwafa, ndipo aliyense anamvetsa.

Atelala anabwera pampanda. Kwa nthawi yoyamba chibadwire anayankhula motsitsa mawu.

"Akhukhi, ine maso anga ayamba kuvuta masiku ano. Mukagula ina yoyera, kalamba kofiira ndili nako. Sindinaone kanthu."

Akhukhi anatsamira khasu. "Atelala, inu mboni yonama?"

"Ndangonena."

"Ayi. Mwana uja ndinamupusitsa ndi mawu, koma sindinamunamizepo."

Anasamba m'manja, n'kuimba foni iwo eni, osadikira Lamlungu. Ananena liwu limodzi lokha: "Zatha."

Anamwino anafika Loweruka ndi kalole kobwereka. Anapeza katundu atamangidwa kale, mapoto ali m'matumba, chipande chili pamwamba. Bambo ake ankanyamula okha mipando n'kumakweza, dalaivala akungolandira. Anamwino anaima n'kumawayang'ana: munthu amene zaka zitatu zapitazo sankatha kumanga zingwe za nsapato, lero akudutsa pabwalo ndi tebulo pamutu. Anawakhazika pansi, n'kutulutsa kachikwama kaja. Anayeza pamkono. Anabaya pachala. Kenako anawerenga manambala kawiri, ife tikumvetsera kuseri kwa makatani.

"Bambo," anatero, "ine ndinkafuna kukutengani chifukwa ndinkaopa kuti mudzafa nokha m'nyumba muno. Manambala awa ndi abwino kuposa a amuna anga. Ngati mukufuna kukhala, khalani. Pangano lija ndalimasula."

Atelala anaombera m'manja kamodzi. Dalaivala anayamba kumasula chingwe. Koma Akhukhi anangokhala, akuyang'ana manja awo.

"Mayi, kwanu kuja ana alipo angati tsopano?"

"Atatu, bambo. Mukudziwa."

"Pa chithunzi chimene unatumiza chija, ndinaona tiana tonse titatu tili ngati mipini ya makasu. Amadya chiyani?"

"Amadya bwino. Kungoti ine ndi bambo awo timabwera mochedwa, ndiye..."

"Ndiye buledi ndi tiyi." Anapukusa mutu. "Ine zaka zitatu ndakhala ndikubweza theka la chipande m'thumba. Tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo. Ndinkachita kutseka maso. Nyumbayi ndaisunga, inde, koma muno mulibenso woti ndimuphikire, ndipo dzanja ili likundiyabwa. Ndikufuna munthu woti ndimuuze kuti wonjezera, iye osafa nazo." Anatembenukira kwa dalaivala. "Achimwene, mangani chingwecho."

"Koma bambo, inuyo kambale kanu n'komweko," anatero Anamwino akupukuta m'maso. "Mukakayambiranso beseni lija, ndikubwezani."

"Kali m'thumba la jekete. Ukuganiza kuti ndine nkhuku?"

Anatsanzika khomo ndi khomo, ndipo pa nyumba iliyonse anasiya kanthu: apa sefa, apo mpeni wa buledi, kwathu poto wa chigwiriro chimodzi amene ndikuphikirabe mpaka lero. Kwa Atelala anasiya makiyi kuti adzapereke kwa odzachita lendi. Mayiwo analandira osadzuka pa makina, osakweza mutu, akusoka mzere umodzi womwewo kachitatu pa nsalu imene inali itasokedwa kale.

Akhukhi anakhala kwa mwana wawo zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndimamva kuti adzukulu aja anasiya kufanana ndi mipini chaka choyamba chomwe. Koma ife sitinawaonenso. Chimene tinaona komaliza ndi dazi lawo likung'anima pawindo la lole, dzanja likukupiza, mpaka galimoto inakhota pakona.

Tinatsala titaima mumsewu ngati anthu osowa kwawo. Ine ndinapita pakhonde pa Atelala, poganiza kuti mwina pafunika mawu otonthoza. Anadula ulusi ndi mano, anamina m'kansalu, n'kuyang'ana kumene lole inalowera.

"Zaka zitatu kutisokosa ndi nkhuku zanjala, mapeto ake n'kunyamuka yekha ndi miyendo yake," anatero. "Chitsiru cha munthu. Akanapita tsiku loyamba lija, bwenzi titadya nyama."